Chipale cha pa zithunzi za Hiroshige: n'choona kapena n'chopeka?

aMbewe, Zomba
Moni nonse abale anga pagulu pano. Sabata ino tiyeni tione zithunzi za ku Japan zodinda ndi matabwa, zimene eni ake amati ukiyo-e, makamaka za nyengo yozizira. Ndaika apa cha Utagawa Hiroshige chotchedwa Kanbara, chipale cha usiku. Chinatuluka cha m'ma 1833 kapena 1834, m'gulu la zithunzi 55 za msewu wa Tokaido umene unkalumikiza Edo, yemwe lero ndi Tokyo, ndi mzinda wa Kyoto. Msewuwo unali wa makilomita pafupifupi 500 ndipo unali ndi malo 53 opumulirapo apaulendo. Hiroshige anajambula malo alionse, n'kuwonjezapo poyambira ndi pothera.

Tachionani bwino. Kamudzi kali m'tsinde mwa phiri, madenga onse akwiririka, mitengo yalemedwa. Anthu ndi atatu okha. Awiri akukwera mtunda cha kumanja atawerama, wachitatu akutsika cha kumanzere ndi ndodo, mutu wake wabisika m'ambulera yotsegula theka. Apatsana misana. Utoto wowala uli pa zovala za anthu atatuwa basi, kwina konseko n'koyera, kotuwa kapena kwakuda.

Koma nkhani ili apa. Kanbara ali m'mphepete mwa nyanja ku Shizuoka, dera lofunda kumene amalima manachesi ndi tiyi. Chipale chokwirira mudzi chonchi sichigwa kumeneko. Ndiye munthu akajambula malo enieni, n'kulembapo dzina lenileni, koma n'kuikapo nyengo imene kulibe, tinene kuti wanama? Maganizo anga ndili nawo, koma ndimve kaye anu.

Tadala
Aphunzitsi, bwanji ngati chaka chimenecho kunangozizira modabwitsa, iyeyo n'kupezeka ali pomwepo?

aMbewe, Zomba
N'zovuta Tadala. Nkhani imene imakambidwa ndi yoti mu 1832 Hiroshige anatsagana ndi gulu limene linkapititsa mahatchi a shogun, mkulu wa asilikali amene ankalamulira Japan, kwa mfumu ku Kyoto, ndipo ulendo umenewo unkachitika nyengo yotentha. Komanso akatswiri ambiri masiku ano amakayikira ngati anayendadi msewu wonsewo, chifukwa zithunzi zingapo, makamaka za kufupi ndi Kyoto, zikufanana kwambiri ndi za m'mabuku otsogolera apaulendo amene analipo kale. Kaya anapita kaya sanapite, chipale chimenechi sanachione ndi maso. Ena amati mwina ankaganiza za Kanbara wina wa ku Echigo, kumene ndi Niigata lero. Achemwali Nachisale, si kwanuko kumeneko?

Nachisale, Nagaoka
Ndi konkuno aphunzitsi, dzina la Kanbara likadalipo pa maboma ena a m'chigawo chino. Koma ndinene zakumtima kwanga, okonda zithunzizi mundikhululukire. Zoti Hiroshige anasamutsa chipale kuchoka kuno kupita nacho ku Shizuoka sizindivuta. Chimene chimandiwawa n'choti chipale chakecho ndi cha munthu amene sanagwirepo fosholo.

Kuno zimakhala chonchi. Mphepo yozizira imachokera ku Siberia, imadutsa pa Nyanja ya Japan imene madzi ake ndi ofundirako, n'kunyamula chinyezi. Ikagunda mapiri a pakati pa chilumba cha Honshu imakhuthula zonse mbali yathu ino, ndipo pofika ku Tokyo imakhala itauma, kumwamba kuli mbee. Choncho anthu a ku Edo ankaona chipale mwa apo ndi apo, chogwa usiku n'kusungunuka mawa kapena mkuja. Kwa iwo chinali chisangalalo: kukwera bwato pa mtsinje wa Sumida, kumwa sake (mowa wa mpunga) wotentha, kupeka ndakatulo. Kuno ku Tsunan, m'chigawo chathu chomwechi, mu 2006 chinaunjikana kupitirira mamita 4. N'chonyowa, cholemera. Ukachisiya padenga zitseko zimayamba kukana kutseguka, ukapitiriza kuchedwa nyumba imagwa. Chaka chilichonse timamva pawailesi za anthu ogwa padenga akuchotsa chipale, ndipo ambiri ndi okalamba poti achinyamata anapita kumizinda ikuluikulu. M'misewu ya Nagaoka muno anachita kukwirira mapaipi owaza madzi a pansi panthaka kuti chizisungunuka, ndipo njira imeneyi inayambira konkuno mu 1961.

Si ine woyamba kudandaula. Suzuki Bokushi, wogulitsa nsalu wa ku Shiozawa, analemba buku la moyo wa kuno lotchedwa Hokuetsu Seppu, limene linatuluka ku Edo mu 1837, zithunzi za Tokaido zili pamsika. M'menemo amasiyanitsa anthu a kumadera ofunda amene amasangalalira chipale, ndi akwawo amene amachiopa, okhala miyezi yambiri m'nyumba zamdima zokwiririka. Zili ngati mlendo wojambula mafunde a mwera ali pakhonde la hotela ku Mangochi, msodzi ali kugombe akuwerenga masiku amene ana agone osadya ndiwo.

aLungu, Chipata
Achemwali anena zomveka, ndipo umboni ulipo kwa Hokusai, wojambula wina wotchuka wa nthawi yomweyo. Pa zithunzi zake 46 za phiri la Fuji pali chimodzi cha m'mawa ku Koishikawa chipale chitagwa usiku. Mukachiona, anthu ali pakhonde la nyumba yomweramo tiyi pamwamba pa mtunda, mayi wina akuloza phiri, enawo akusirira. Chithunzicho chikuonetsa ndendende anthu amene ankagula zithunzizi: oonerera.

Mayi Nkhoma, London
Achemwali ndakumvani, ndipo za madenga sindingakutsutseni, inu ndiye muli pamalopo. Koma bwererani pa misana ya anthu atatu aja a ku Kanbara. Palibe amene akumwa sake pamenepo. Mmodzi wafunda chofunda cha udzu, onse apinda khosi, ndipo mapazi awo akulowa pansi. Ine pofika kuno nyengo yozizira yoyamba, chimene ndinaphunzira n'choti kukazizira munthu sayang'ana mnzake, amayang'ana poponda. Anthu awa adutsana pamsewu wopapatiza wa kumudzi, aliyense wapitiriza ulendo wake. Wojambula amene sadziwa kuzizidwa sakanaika zimenezo.

Chinanso, taikani pambali pake chithunzi cha chiwombankhanga cha ku Fukagawa Susaki, cha mu 1857, chimene chili m'gulu la malo otchuka 100 a mu Edo. Mbalameyo yadzaza kumwamba konse, yatambasula mapiko, ikuyang'ana pansi. Pansipo pali dambo loyera lopanda munthu, nyanja yakuda, kachidebe kathabwa kakuyandama kokha, phiri la Tsukuba patali. Mu 1857 panalibe munthu ku Edo amene akanakwera kufika pomwe pali mbalameyo kuti aone dziko chotero. Ndiye tinenenso kuti wanama? Munthuyu sankalemba lipoti la zanyengo. Ndipo chithunzi chimenechi sichisangalatsa ngati phwando, chimaopsa.

Ndinakaona chionetsero cha zithunzi za Hiroshige ku British Museum mu 2025. Chimene pafoni simungachidziwe ndi kuchepa kwake. Pepala lake ndi la masentimita pafupifupi 25 ndi 38, loti umaligwira m'manja n'kuliyandikiza kumaso. Silinapangidwe kuti lipachikidwe m'holo.

aJere, Dedza
Moni akuluakulu. Ine ndine wosema, za mbiri ndikusiyirani, funso langa ndi la manja. Kuyera kumeneku anakupanga ndi utoto wanji? Chifukwa utoto woyera ukauika pamwamba pa wakuda umatuwa, koma apa timadontho tikugwa kumwambato ndi toyera zedi.

Che Yusufu, Johannesburg
Bambo Jere, mwafunsa pamene pagona nkhani yonse. Ine ndimagwira ntchito yosindikiza, ndiye zimenezi ndinazitsata kwambiri. Palibe utoto woyera pamenepo. Chipale chonse mukuchionacho ndi pepala lenilenilo, malo amene sanakhudzidwe. Kadontho kalikonse ndi kabowo kamene wosema anagoba pa thabwa lodindira thambo. Pamene pagobedwa sipatenga utoto, ndiye pepala limatsala loyera.

Ntchito yake inkayenda chonchi. Anthu anali anayi: mwini bizinesi amene ankaika ndalama n'kusankha mutu, wojambula, wosema, ndi wodinda. Wojambula ankalemba mizere yokha ndi inki yakuda pa pepala lopyapyala. Wosema ankamata pepalalo chafufumimba pa thabwa la mtengo wa cherry wa m'mapiri, n'kulipekesa mpaka mizere ioneke kumbuyo, kenako n'kudula ndi kampeni mbali zonse ziwiri za mzere uliwonse, n'kugoba kwina konse. Chojambula choyambiriracho chinkathera pomwepo, n'chifukwa chake mulibe "chenicheni" cha Kanbara chimene Hiroshige anachigwira ndi burashi. Kuchokera pa thabwa la mizereli ankadinda mapepala angapo, wojambula n'kuonetsa pamene pakhale mtundu uliwonse, ndipo mtundu uliwonse unkasemedwa padera.

Makina panalibe. Wodinda ankapaka utoto wosungunula ndi madzi pa thabwa, n'kudonthezapo kaphala ka mpunga, n'kusakaniza ndi burashi pomwepo. Kenako ankagoneka pepala lonyowetsa pang'ono n'kulikhutiza kumbuyo ndi baren, kachimbale kokwana m'dzanja kamene m'kati mwake muli chingwe cholukidwa ndi makoko a nsungwi, kokutidwa ndi khoko la nsungwi lomwelo. Utoto sukhala pamwamba, umalowa m'kati mwa pepala. Pepalalo amapanga ndi khungwa la kamtengo kotchedwa kozo, ulusi wake ndi wautali, moti limapirira kukhutizidwa kambirimbiri osang'ambika.

Nthawi zina ankawaza gofun, ufa woyera wa zigoba za nkhono zam'nyanja wosakaniza ndi guluu, kuti tizidutswa tina tioneke titatukuka. Koma chipale chambiri cha Hiroshige ndi pepala lopanda kanthu.

Tadala
Ndiye kuti wosemayo ankagoba timabowo tonseto kamodzikamodzi, n'kusankha yekha kuti aka kakhale kakakulu aka kakang'ono?

aMbewe, Zomba
Kamodzikamodzi, motsata zimene wojambula wamuonetsa, koma dzanja ndi lake. Ndiwonjezere pa zimene anena Che Yusufu. Pepala loyera palokha silioneka ngati chipale mpaka pambali pake pakhale mdima. Mdima umenewo ndi ntchito ya wodinda, njira yotchedwa bokashi. Amanyowetsa thabwa ndi kansalu, amaika inki mbali imodzi ya burashi, n'kuyendetsa kuti utoto uyambe wakuda n'kumatha pang'onopang'ono. Zimenezi sizisemedwa pathabwa. Zimachitika ndi dzanja pa pepala lililonse, choncho palibe awiri ofanana ndendende.

Pa Kanbara pomwepa pali umboni wabwino. Makope oyambirira ali ndi mdima pamwamba pa thambo, ukumayera potsika. Makope ena a pambuyo pake ali ndi mdima m'munsi, kuseri kwa phiri ndi madenga, ukumayera pokwera. Matabwa ndi omwewo, koma usiku wake ndi wosiyana. Pa oyambirira usiku ukuchokera kumwamba. Pa enawo madenga amawala kwambiri chifukwa mdima wawagundira. Fufuzani pa intaneti, a Metropolitan Museum ku New York ndi a Museum of Fine Arts ku Boston anaika makope awo poyera, mukhoza kuyerekeza nokha.

aJere, Dedza
Apa ndiye mwandikhudza. Kunena zoona, tikukangana kuti Hiroshige wanama kapena ayi, pamene chipale chenichenicho anachipanga ndi munthu wa mpeni, ndipo usikuwo ndi wa munthu wa baren. Mayina awo ali kuti? Ndayang'ana m'mphepete monse, ndikuona zolemba ndi zidindo zofiira, akuti pali dzina la wojambula ndi la mwini bizinesi. Zimandipweteka chifukwa ndikuzidziwa. Ziboliboli zanga zafika kutali, ndipo amene amadziwika nazo ndi wogulitsa. Kudula mzere wopyapyala ngati tsitsi pa mtengo wolimba, osauthyola, si ntchito yoti munthu aiphunzire chaka chimodzi.

Mayi Nkhoma, London
Bambo Jere, ulemu wanu. Pa Kanbara mayina awo palibedi. Cha m'ma 1850 osema ena otchuka anayamba kuika kachidindo kawo, monga Yokogawa Takejiro amene ankalemba kuti Hori Take, ndipo mumamupeza pa zithunzi zambiri za ojambula Kunisada ndi Kuniyoshi. Odinda ndiye ankatchulidwa mwa apo ndi apo chabe, ambiri anapita osadziwika.

aLungu, Chipata
Tisaiwale munthu wachinayi uja, chifukwa yankho la funso la aMbewe mwina lili m'thumba mwake. Zithunzizi zinali malonda. Chimodzi chinkagulidwa pa mtengo wosasiyana kwambiri ndi wa mbale ya soba, chakudya cha anthu wamba. Mwini bizinesi wa Tokaido, Takenouchi Magohachi wa sitolo ya Hoeido, anali ndi zithunzi 55 zoti agulitse. Zonse zikanakhala za dzuwa likuswa mtengo, ndani akanagula gulu lonse? Ndiye ku Shono anaikako chimvula, ku Mishima nkhungu ya m'mawa, ku Kanbara chipale cha usiku, ku Kameyama m'mawa wowala chipale chitaleka. Wogula azipeza nyengo zonse.

Ndipo eni mabizinesiwa sankabisala. Pa malo otchuka 100 a mu Edo pali chithunzi cha ku Kiba, kosungirako mitengo ya matabwa ku Fukagawa. Chipale chikugwa pa ngalande, mitengo yatsamira, tiagalu tiwiri tili m'mphepete, ndipo m'munsi mwenimweni muli ambulera yolembedwa chilembo choyamba cha dzina la Uoya Eikichi, mwini wake wa gulu lonselo. Kutsatsa malonda kumeneko.

Che Yusufu, Johannesburg
Zoona aLungu, koma malonda sachotsa luso. Onani cha kachisi wa ku Asakusa m'gulu lomwelo: chinyali chofiira chachikulu pamwamba, chipata chofiira kumanzere, njira yoyera pakati, anthu ndi maambulera m'mbalimbali. Chidindo cha deti chikusonyeza mwezi wachisanu ndi chiwiri wa 1856, kutentha kuli pachimake. Miyezi yochepa m'mbuyomo, mu Novembala 1855, chivomezi chachikulu chinagwetsa mbali yaikulu ya Edo n'kupha anthu masauzande. Kufiira ndi kuyera pamodzi ku Japan ndi mitundu ya chikondwerero, ndiye pali akatswiri amene amati chipalecho anachiika kuti kachisi wofiira aoneke ali m'mitundu ya chikondwerero pamene mzinda ukudzukanso. Pa makope abwino, chipale cha pansi anachidinda ndi thabwa lopanda utoto kuti pepala litukuke, ukaliyang'ana chammbali umaona timabampu.

Nachisale, Nagaoka
Zonsezi ndikuzimva, ndipo za chivomezi zandigwira mtima. Koma mwaona kuti mukundithandiza? Mwanena nokha kuti chipale chinali chida: chogulitsira, chokongoletsera, chosangalatsira. Ine ndikufunsa za anthu amene chinali moyo wawo. Mundionetse chimodzi chokha chimene munthu akugwira ntchito chifukwa alibe kuchitira mwina.

Mayi Nkhoma, London
Chilipo achemwali. Mlatho wa Bikuni, cha mu 1858. Usiku, chipale chikugwa, bambo wasenza katundu pamtengo wa paphewa akuwoloka. Kumanzere kuli chikwangwani cha malo odyera nyama ya nguluwe, kumanja kuli kakhumbi kogulitsa mbatata yowotcha. Ndi kumsika kwa anthu osauka kumeneko. Ena amakhulupirira kuti chimenechi anachimaliza ndi wophunzira wake, Hiroshige wachiwiri, poti mkuluyo anamwalira chaka chomwecho pa nthawi ya mliri wa kolera. Palinso za msewu wa m'mapiri wa Kisokaido, monga cha ku Oi, pamene apaulendo ali pamahatchi ndipo owatsogolera akuyenda pansi, zipewa zonse zitalemedwa.

Tadala
Pepani ndidule pang'ono. Ine chimene chimandizungulira pa Facebook ndi cha mayi wovala kimono, chovala cha makolo cha ku Japan, atagwira ambulera, akulimbana ndi mphepo patsogolo pa chipata chofiira. Nachonso ndi cha Hiroshige?

aMbewe, Zomba
Ayi Tadala, chimenecho ndi cha Kawase Hasui, cha mu 1925, chipata cha kachisi wa Zojoji ku Shiba, mu Tokyo. Pakati pa awiriwa pali zaka pafupifupi 70 kuchokera pa imfa ya Hiroshige. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ntchito ya matabwa inali ikufa chifukwa cha makamera ndi makina osindikizira. Watanabe Shozaburo, amene ankagulitsa zithunzi zakale kwa azungu, anasonkhanitsa osema ndi odinda amene anatsala n'kufunafuna ojambula atsopano. Zimenezi ndiye zimatchedwa shin-hanga. Hasui anayamba naye mu 1918.

Hasui ankayenda ndithu n'kujambula ali pamalopo. Pa 1 Seputembala 1923 chivomezi cha ku Kanto, dera limene kuli Tokyo, ndi moto wake zinatentha sitolo ya Watanabe pamodzi ndi matabwa, komanso nyumba ya Hasui ndi mabuku ake ojambulamo. Chithunzi cha Zojoji chinatuluka zaka ziwiri pambuyo pake, ndipo anasankha chipata cha mu 1622 chimene chinapulumuka. Chinadzapulumukanso mabomba a nkhondo yachiwiri, chilipo mpaka lero. Kusiyana kwake ndi Hiroshige kuli pa kulemera kwa utoto. Zithunzi za shin-hanga zinkadindidwa maulendo ambiri, nthawi zina kupitirira 30 pa pepala limodzi, n'chifukwa chake kufiirako n'kozama ndipo chipale chili ndi mithunzi. Ogula ambiri anali a ku America, moti ku Toledo Museum of Art kunachitika zionetsero zikuluzikulu mu 1930 ndi 1936. Mu 1953 boma la Japan linamupempha kuti ajambulenso Zojoji m'chipale n'cholinga chosunga ndondomeko yonse ya kasemedwe ndi kadindidwe, ndipo pamenepo, Bambo Jere, ntchito ya wosema ndi wodinda inalembedwa monga chuma cha dziko.

aLungu, Chipata
Koma Hasui nayenso ankasankha zoti ationetse. Tokyo wa mu 1925 anali ndi masitima amagetsi, magalimoto, nyumba za simenti zikumangidwa paliponse. Iye anatipatsa mayi wa kimono ndi chipata chakale, chifukwa ndi Japan amene wogula wa ku America ankamufuna. Chipale chimathandiza pamenepo, chimakwirira zonse zatsopano.

Nachisale, Nagaoka
Mayi Nkhoma, cha mbatata chija ndachiona, ndipo bambo wosenza katunduyo ndamulandira. Koma ngati mukufuna kudziwa chithunzi chimene anthu a kuno amachiyang'ana n'kugwedeza mutu kuti eya, fufuzani Saito Kiyoshi. Anabadwira ku Aizu m'chigawo cha Fukushima mu 1907, dera la chipale chambiri ngati kuno, n'kukulira ku Hokkaido. Anali wa gulu lina lija la sosaku-hanga, limene linkati munthu mmodzi ajambule yekha, aseme yekha, adinde yekha. Anapanga zithunzi zoposa 100 za nyengo yozizira ku Aizu. Mulibe timadontho tokongola tikugwa. Muli zimilu zikuluzikulu zoyera zitakhala pamadenga ngati zikufuna kuphwanya nyumba, makoma akuda, kanjira kamodzi kopondedwa, ndi gogo mmodzi atawerama akuyenda. Kumwamba n'kotuwa ngati mmene kumakhalira kuno kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Ndikachiona ndimamva kulemera kwake m'mapewa. Ku Yanaizu kuli nyumba yosungiramo ntchito zake.

Sindikuti Hiroshige ndi wachabe. Ndikuti anajambula chipale cha tsiku loyamba, pamene Saito anajambula cha mwezi wachitatu.

aMbewe, Zomba
Achemwali, Saito ndimuika pa zimene ndidzaonetse ophunzira anga, zikomo. Nanga ndinene maganizo anga aja. Ine sindiona bodza pa Kanbara. Ogula a ku Edo sankagula mapu. Ankadziwa kuti malo otchuka amajambulidwa ndi nyengo imene ikuwayenera, monga mmene ndakatulo zawo zinkachitira kuyambira kalekale, ndipo chipale, mwezi ndi maluwa zinali mitu itatu imene wojambula aliyense ankayembekezeka kuidziwa. Hiroshige yemweyo mu 1857 anapanga zithunzi zitatu zikuluzikulu pa mitu imeneyi, ndipo cha chipale ndi mapiri a Kiso, mapepala atatu olumikiza amene pafupifupi onse ndi oyera, mtsinje wokha ndiwo wabuluu. Tianthu timene tili m'menemo n'tating'ono moti umachita kutisaka. Chimenecho achemwali sichili cha tsiku loyamba, ndipo pamenepa ndiye tikusiyana.

Chimene ndavomerezana nanu n'choti dzina la malo lili ndi eni ake. Munthu wa ku Kanbara wa ku Shizuoka lero amalandira alendo ofuna mudzi umene sunakhaleko, ndipo munthu wa ku Echigo mavuto ake anasanduka chokongoletsa cha dera lina.

aJere, Dedza
Ine mkangano wanu ndaumva, koma manja akundiyabwa. Ndikufuna kuyesa Dedza m'nyengo ya Juni, nkhungu itaphimba phiri, ndi njira yomweyi yosiya pepala. Mtengo wa cherry kuno kulibe. Mlombwa ungachite? Nanga ndipanga bwanji kuti thabwa lachiwiri ligwere ndendende pa loyamba?

Che Yusufu, Johannesburg
Mlombwa ndikukayika bambo, uli ndi timabowo tambiri timene tingamwe utoto n'kuonekera pa pepala. Mukufuna mtengo wa mnofu wosalala, wouma bwino, wosanyenyeka mukadula mopingasa. Yesani jakaranda, kapena pulayiwudi yabwino yoyera, poti ngakhale ku Japan ophunzira amayambira pa pulayiwudi ya mtengo wa shina. Mukhutize ndi sandipepa wosalala kwambiri.

Za kugwirizanitsa matabwa, njira yake ndi kento, ndipo ndi yosavuta. Pa thabwa lililonse, kunja kwa chithunzi, mumasema timakwerero tiwiri tosazama, kuya kwake ngati mapepala awiri kapena atatu. Kamodzi kakhale kangodya pa kona ya kumanja m'munsi, kena kowongoka cha kumanzere m'mphepete momwemo. Kona ya pepala imalowa m'kangodyako, m'mphepete mwake n'kutsamira pa kowongokako, kenako mumalisiya ligone. Chofunika n'choti timakwereroti musemere kaye pa thabwa la mizere, kuti mukamadinda mapepala okamata pa matabwa enawo tizisamukira limodzi ndi chithunzi. Musatiyeze ndi rula pa thabwa lililonse padera, mudzaphonya.

Pepala mulinyowetse dzulo lake, muliike pakati pa manyuzipepala onyowa pang'ono m'jumbo, ndipo likhale ndi chinyezi chofanana kuyambira mtundu woyamba mpaka womaliza, chifukwa likauma limafupika ndipo mizere imasemphana. Muyambe ndi matabwa awiri okha, lakuda ndi lotuwa. Phala la mpunga likhale lamadzimadzi, losefa, ndipo mukaona utoto ukuchita timadontho ngati mchenga ndiye kuti phala lachepa, muwonjezere pang'ono.